Ndayankhira Pambali, Amayi

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Matero tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Mukanakhala pano mukanaona kale pamayendedwe anga ndisanatsegule n'pakamwa pomwe.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika ndi madandaulo asanapereke moni. Mimba ija munandisiya nayo inatha bwino. Ndi wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu. Watenga mphuno yanu, komanso ukali wanu akachedwa kuyamwa. Chimanga chakuseri kwa nyumba chinabereka, ngakhale odutsa m'njira anatithandiza kukolola chisanakhwime. Bambo ake a mwana sanapezebe ntchito chitsekereni kampani ija. Ine ndikugulitsabe salaula, zovala zakaunjika zija, pamsika, pamalo panu pomwe paja.

Nkhani yandilembetsa kalatayi ndi ya Nelia, mwana wanu womaliza. Kusukulu akukhoza bwino, koma alongo anu, ba Malume, amupezera mwamuna. Ndi munthu wamkulu, mwini maminibasi, ndipo mkazi ali naye kale. Ba Malume akuti sukulu masiku ano ndi yolipira, ndipo amene anaimaliza akugulitsa tomato limodzi ndi ife. Mukudziwa mmene ndimawaopera, Amayi. Kuyambira ndili kamwana, akangotsokomola pakhomo ine mawu amandithawa.

Mwina museka mukamva kumene ndinapeza chochita. Mukuwakumbukira ba Yusufu, atelala oyandikana nafe pamsika, aja makolo awo anachokera ku Mangochi? Salaula yathuyi inawalanda ntchito, atsala ndi yofupikitsa mathalauzi basi. Tsiku lina ndikumasula belo ndinapeza kabokosi ka masewera a chesi pakati pa majekete. Kamsilikali kamodzi kakuda kanalibemo, ndiye iwo anaikapo batani lalikulu la khoti. Makasitomala akasowa masana, anayamba kundiphunzitsa.

Pamasewerawa zoyera ndizo zimayamba. Ine sindingayambe pamaso pa munthu wamkulu, choncho nthawi zonse zoyera ndinkawapatsa iwo, ine n'kutenga zakuda. Akakankha kamsilikali kapatsogolo pa mfumu yawo, nane ndinkakankha kapatsogolo pa mfumu yanga. Akatulutsa hatchi, nane hatchi. Ankandidya tsiku ndi tsiku mpaka zinawatopetsa eni ake.

"Iwe mwana wa Nabanda, uli monga gilasi," anatero. "Nikayenda apa, naiwe wayenda apa. Manje uzawina liti?"

Ndinawauza kuti inu munatilera choncho, kuti wamkulu akayamba wamng'ono amatsatira.

"Ulemu ni wabwino, koma apa uzafa nao. Nikakufunsa pakati, iwe yankha kumbali. Usanikanile, usanivomele. Nifunse funso yako."

Anagwira batani lija, lomwe limakhala chakumbali, patsogolo pa bishopu wa mbali ya mfumukazi, n'kulikankha. Akuti kayambidwe kameneka dzina lake ndi Sisiliyani. Amayi, ndi kayambidwe koopsa. Mnzako akuthamangira mfumu yako mbali iyi, iwe m'malo motseka chitseko ukuthamangira zake mbali inayo. Ukangochita mantha n'kubwerera, watha. Poyamba ndinkaluza moipa kuposa kale. Koma ndinaona chinthu chimodzi chomwe chinali chisanachitikepo: ba Yusufu anayamba kumaganiza kaye asanayende.

Lamlungu lapitali, titaweruka kutchalitchi, ba Malume anabwera. Anakhala pampando panu, ine ndi Nelia pamphasa. Monga mwa mwambo, anayamba ndi iwo.

"Nelia akula. Munthu apezeka, ali na mamotoka, azamusunga. Tisachedwe."

Nelia anangoweramitsa mutu, misozi ikugwera pachitenje. Mawu oti inde anali atafika kale pamilomo panga, poti ndi okhawo ndawayankhapo ba Malume moyo wanga wonse. Kukana sindikanatha, eni mbumba ndi iwo. Ndinagwada.

"Namvela, ba Malume. Koma nifunseko. Amayi bagona ku manda ku Chingwere kulibe chiliza. Si ndimwe munakamba pa malilo ya ambuya kuti ukwati siungena pa nyumba manda yakalibe kumangiwa?"

Mukukumbukira, Amayi, kuti nthawi imeneyo ndi ukwati wanga womwe unadikira chifukwa cha mawu awowo. Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Kenako anati, "Uja mwamuna angagule mwala olo mawa."

Apa ndinaona mfumu yanga ili pambalambanda, ndipo ndinatsala pang'ono kupepesa. Koma ndinakumbukira zomwe munatiuza muli gone pabedi, iwonso ali pomwepo, kuti simukufuna kugona pansi pa mwala wa mlendo, mwala wanu tidzagule ife ana anu, ngakhale ukhale waung'ono ngati mbale. Ndinawakumbutsa mawu amenewo. Sindinasiyeko ngakhale amodzi.

Anatenga chipewa chawo n'kuimirira. "Wakula, ka. Tizaona." Chakudya sanachikhudze.

Chichokereni iwo sindinapume. Minibasi ikaliza huta pamsewu wathu ndimathamangira pazenera. M'mawa ndimamuperekeza Nelia mpaka pageti la sukulu, khanda langa lili kumbuyo, ngati kuti iye ndi kamwana ka Giredi Wani. Ndikuopa kuti sukulu ikatsekera ba Malume adzati apite naye kumudzi ku Katete akaone abale, kenako osabwera naye. Ndikuopa kuti adzatitaya, tikadzagwa m'mavuto pasadzapezeke wotiimira. Nthawi zina ndimafuna kupita kwawo ndi nkhuku kukagwada. Ba Yusufu nditawafotokozera anangoyala bolodi n'kundipatsa zakuda.

Koma amene ndikuopa kwambiri ndinu, Amayi. Ndinkafunitsitsa kuti mvula ikubwerayi ikupezeni mutagona pabwino. Ku Chingwere manda akuchuluka moti ukapita mwezi uno, mwezi wamawa njira yasintha. Kachitsulo kolemba dzina lanu kayamba dzimbiri, ndipo ulendo watha ndinazungulira nthawi yaitali ndisanakupezeni. Ndinalira poganiza kuti tsiku lina ndidzagwada pamanda a munthu wina n'kumamutcha mayi. Tsopano taonani zimene ndachita. Tsiku limene chiliza chanu chidzaime, tsiku lomwelo chitseko cha ukwati wa Nelia chatseguka. Ndiye kuti ine mwana wanu ndiyenera kuchedwetsa dala, ndikusiyeni pamvula ndi paudzu mpaka iye amalize sukulu. Anthu adzati mwana wa Nabanda anaiwala make, ndipo sindidzatha kuwayankha.

Pa Sisiliyani paja, batani lija silikhalitsa pabolodi. Ndilo limayamba kupita kutsogolo, limatenga kamsilikali kapakati ka mdani, kenako nalonso limadyedwa kuti anzake apeze njira. Dzulo ba Yusufu atalichotsa n'kuliika pambali pa makina awo, ndinalephera kupitiriza masewera. Ndinakukankhani inu patsogolo, Amayi, osakupemphani.

Ndiye ndikukupemphani tsopano. Munkati mukadzafa tisadzakuvutitseni ndi zing'onozing'ono, mwatopa kale. Iyi si yaing'ono. Musandikwiyire, musamudwalitse mwana wotchedwa dzina lanuyu, ndipo ngati kumeneko mumatha kufikira alongo anu, afewetseni mtima. Ine ndizibwera kudzazula udzu ndi kupaka penti kachitsulo kaja kuti musatisowe.

Ndikulonjeza kuti mwala wanu tidzagula ndife, ndipo mawu apamwalapo adzalemba ndi Nelia, atavala yunifolomu yake tsiku lomaliza sukulu. Kufikira tsiku limenelo, pirirani nafe pamvulapo.

Ndine mwana wanu wamantha uja, wokukondani,
Esinati