Nthutumba ya ku Tete

Tete
14 Juni 2004

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili moyo. Achemwali a Malita nawonso ali moyo, koma musadzadzidzimuke mukadzawaona.

Ku Beira kuja sitinafike. Kuchoka pa Mwanza tinakwera pamwamba pa lole ya manachesi, poti alamu a Langton anati basi ndi yodula. M'njira tinkadya manachesi omwewo ndi buledi wa kuno wotchedwa pau, wolimba kunja koma wofewa m'kati. Amakoma ngakhale popanda tiyi.

Lachitatu masana tinatsika pa Tete, dzuwa likuotcha mpaka kumapazi. Tinalowa m'chisakasa cha mayi wina, a Rozina, amene amagulitsa chakudya chotchipa kwa oyendetsa malole. Anatipatsa mpunga ndi nkhuku yootcha, yopaka tsabola, adyo ndi mandimu. Chibadwire sindinadyepo nkhuku yotero. Anatithiriranso vinyo wofiira wa m'chibotolo chachikulu. Ine vinyo ndinkangomudziwa wa pa Mgonero, kadontho kaja. Kuno amamwera chakudya, ngakhale azimayi. Ndinamwa kapu ndi theka, ndipo ndinaona achemwali akuseka mpaka misozi, zimene ndinali nditaiwala.

Kenako alamu anayamba kufufuza m'mbale, kufuna nthutumba. Munalibe. Anati achemwali adya gawo la mwamuna pamaso pa anthu. A Rozina anayesa kufotokoza kuti iwo nthutumba amaphika pazokha n'kugulitsa padera, koma alamu Chinyungwe, chilankhulo cha kuno, samva. Anawamenya achemwali mbama n'kuwagwetsera pa mbaula. Atagwa anawaponda pakamwa. Mano awiri anaguluka, mkono unapsa ndi makala.

Mukundidziwa, amayi, ine ndimathawira kuseri alendo akabwera. Koma ndinanyamula chibotolo chija ndi manja awiri n'kuwaphwanyira alamu pamutu. Magazi ndi vinyo zinayenderera pamodzi pamalaya awo. Akuti ndinakuwa kuti nthutumba yawo ndi imeneyo, adye. Madalaivala anandigwira pamene ndinkatola benchi.

Alamu anawasoka kuchipatala ndipo apitirira okha ku Beira. Asiya mawu oti akabwerako adzatenga mkazi wawo, ine adzandithyola manja. A Rozina atisunga, ndikuwathandiza kusosola nkhuku. Iwo amangondiseka, akuti vinyo wawo sanagwirepo ntchito yabwino chonchi. Ena akuti unali mowa chabe. Lero sindinamwe kanthu, komabe chisoni sindikumva.

Pempho langa ndi limodzi. Tifika Loweruka ngati tipeza lole. Chonde uzani amalume a Godwin, monga ankhoswe, atidikire pakhomo. Kawiri konse achemwali anathawira kwa inu, inu n'kuwabweza kuti banja ndi kupirira. Ulendo uno muyambe mwawayang'ana m'kamwa musanalankhule. Mukawabwezanso, chimene chidzabwere kachinayi ndi uthenga wa maliro. Pokamba nkhaniyi ndikhalapo, ndipo sindikhala kukhitchini. Ndikufuna ndilankhulepo.

Moni kwa abambo, kwa achimwene a Saulos ndi akazi awo, ndiponso kwa azakhali a Eleanor ku Thambani. Za vinyozi musawauze amayi a kumpingo, ndidzanena ndekha.

Tsalani bwino mpaka Loweruka.

Ndine mwana wanu,
Deliwe