Khutu la Odile

3 Malichi 1891
Kalata ya a Delorme, okonza chionetsero cha pa 4 Epulo. Andipatsa malo: chithunzi chimodzi chosindikiza, mapepala 25 ofanana. Zaka khumi ndi zinayi ndikupenta muno mu Paris, lero ndiye ndakhala "mmodzi mwa amayi athu aluso". Amayi akewo tilipo awiri.

6 Malichi
Mayi Fauchet, amene amatichapira ndi kusita, anabwera ndi Odile wawo wa zaka ziwiri. Ndawajambula pokanda ndi singano pa mkuwa wosindikizira, akumupukuta kumaso. Mphindi makumi anayi basi, mwana wosakhazikika. Kusukulu phazi limodzi tinkalijambula mwezi wathunthu.

Masana kwa a Grosjean osindikiza. Pepala loyamba latuluka lakuda bii, mizere yofewa ngati ubweya. Koma khutu la Odile lili m'munsi. Iwo akuti, "Mayi, lekerani pomwepa, tisindikize onse lero." Za mafupa a mutu sanaphunzireko. Pepalalo ndapatsa Mayi Fauchet kuti ndisalionenso.

11 Malichi
Khutu ndakweza. Pepala loyesera lachisanu ndi chimodzi. Tsopano khosi latalika.

17 Malichi
Khosi lili bwino. Chala ayi. Pepala la 14.

A Grosjean andikumbutsa kuti singano ikakanda mkuwa imasiya timilomo m'mbali mwa mzere, timeneto ndi togwira inki, ndipo makina akapsinja kamodzi timaphwa pang'ono. Ndikudziwa. Mayeso ake ndinakhoza bwino kuposa anyamata onse. "Mkuwa si mwamuna, mayi, woti muzimukonza tsiku ndi tsiku." Kuseka okha.

Mutu ukuwawa. Buledi ndi anyezi.

24 Malichi
Pepala la 31. Khutu, khosi, chala, chilichonse pamalo pake. Chithunzi chatuwa mbuu, ngati nachonso chachapidwa. Timilomo tatha. Mphamvu ya mkuwa yotulutsira mapepala 25 aja ndaithera poyesera.

A Delorme anabwera, nkuchiyang'ana nthawi yaitali. "Cholondola kwambiri," anatero ngati akupepesa maliro. Kenako: "Koma chija chili kochapira zovala, si chanu? Ndinachiona posiya malaya. Bweretsani chimenecho, ngakhale chili chimodzi. Apo ayi, khoma ndipatsa wina."

26 Malichi
Kwa Mayi Fauchet. Pepala langa lakhomedwa ndi misomali inayi pamwamba pa mbaula ya nsimbi, lapindika ndi nthunzi. Ndinawapatsa latsopano kuti tisinthane. Analigwira patali ndi maso. "Uyu ndi mwana wa yani? Wokongola ndithu, mumubwezere kwa amake. Wanga ndi uyo wa khutu lakeyo."

Ndinamuyang'ana Odile, ali pansi akutafuna pegi yoyanikira zovala. Khutu lake lilidi m'munsi. La bambo ake, akutero.

Ndapempha kubwereka kwa milungu itatu yokha. "Munandipatsa nkhope ili gwaa ngati mukutaya zinyalala, lero mwalikonda?" Akana.

4 Epulo
Chionetsero chatsegulidwa. Pakhoma langa pali maluwa a munthu wina. A Grosjean akuti pofika masana anali atalowa anthu khumi ndi awiri.

Ndinatenga malaya oyera kale kukachapitsa kwa Mayi Fauchet. Pamzere amayi oposa makumi atatu, aliyense maso pamwamba pa mbaula. Wina anati, "Odile weniweni!" Palibe anafunsa za wojambula wake, inenso sindinanene.

Ndinaima kanthawi. Nchabwino kuposa zonse zimene ndinapangapo.

Kungoti chala chija...