Mng'alu wa pa kathanki ka vani

Kakumbi, Mfuwe
14 Novembala 1994

Okondedwa asisi Jacinta,

Muli bwanji ku Katete kumeneko? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Munamva kale kuti mlamu wanu Charity mwana anamufera m'mimba. Zimene simunamve ndi izi.

Vani imene ndimayendetsa pa loji ya alendo oona nyama inayamba kumwa madzi mu Seputembala. M'mawa uliwonse mabotolo awiri, koma pansi osaona dontho. A Steward, makanika wathu, anati ndiwasiyire tsiku limodzi aione bwino. Ine ndi makani anga mukuwadziwa aja ndinati vuto ndi ladiyeta. Ndinathiramo ufa kuti umate pobooka, monga amachitira a malole, n'kuuza a Steward kuti yachira.

Tsiku limene Charity anayamba kumva kupweteka, azamba anati mwana wagona mopingasa, tithamangire kuchipatala. Abwana anandipatsa vani yomweyo. Tili pakati pa tchire, dzuwa lili paliwombo, nthunzi fuu! Injini zii. Asisi, ndinathira madzi onse, ndi akumwa a Charity omwe, mpaka nthunzi inandiotcha manja. Tinakhala pamsewu maola anayi mpaka thirakitala ya thonje inatitola. Pofika kuchipatala, mwana anali atafa kale. Anali wamwamuna.

Sabata yatha a Steward anatenthetsa injini n'kundiitana. Kathanki kapulasitiki kosungira madzi, ka pambali pa ladiyeta, kanali ndi mng'alu wochepa ngati tsitsi, wotseguka pokhapokha kakatentha. Ufa wanga unangotseka njira za madzi. Kathanki katsopano kanali pashelefu m'galaja mwathu nthawi yonseyi. Mabawuti awiri, mapaipi awiri, tiyi asanazizire n'komwe kalowa. A Steward sanandinenere kwa abwana, koma moni wanga sakuyankha.

Chikundipha n'choti Charity akuuza amayi a kutchalitchi kuti mwamuna wake anayesetsa, anapsa manja chifukwa cha iye. Amandipaka mafuta pa mabala tsiku lililonse. Ine kudya kukundikanika.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mvula isanatseke msewu, mudzakhale pambali pake pamene ndikumuuza zoona. Akadzati akubwerera kwawo ku Nsefu, sindidzamuletsa, koma mudzamuperekeze ndinu, asadzayende yekha.

Moni kwa alamu a Hosea, amalume ndi ana onse. Amayi muwapatse moni wokha, kalatayi musawawerengere.

Ndine mlongo wanu,
Yotam