Dzina la Agogo Labwerera Kwawo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Embangweni tilipo. Mlamu wanu NyaMoyo miyendo ikumuvutabe, koma pakamwa mpabwinobwino, mukumudziwa. Mkazi wa mwana wanu Chimwemwe anachira, mwana wamkazi, mphuno ngati yanu. Chimanga tinakolola chokwanira, kungoti nankafumbwe watilowerera.

Koma nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya atate anu. Mukukumbukira mmene ankathawira pansi pa nkhokwe ndege ikamadutsa, ana a m'mudzi n'kumawathamangira akukuwa kuti “a Ndege, a Ndege!” Inu munkangoti, “Atate wanga sanali amisala, anaona zimene inu simunaone.” Dzinalo linanditsata mpaka kusukulu kumene ndikuphunzitsa. Ana ankandinong'ona nalo ndikatembenukira ku bolodi, ndipo linkandiwawa.

Teremu ino tinafika pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Buku lathu limangozungulira ku Ulaya, ngati kuti kwinaku anthu ankangokazinga chimanga. Mtsikana wina, Zainabu, mwana wa wamalonda wa ku Jenda, anandifunsa mosapsatira kuti, “Madamu, nkhondo ya azungu ife ikutikhudza pati?”

Ndinaopa kuyankha, Amayi, chifukwa m'kalasimo munali zidzukulu za anthu omwe aja ankakuwiza agogo. Komabe ndinapachika mapu, n'kuika chala pa Mzimba. Ndinachiyendetsa mpaka ku Mombasa, kuwoloka nyanja yaikulu ija, mpaka m'nkhalango za ku Burma. Ndinati, “Munthu amene mumati a Ndege anayenda njira iyi. Kumeneko ndege ikalira, wochedwa kubisala sankadzukanso.” Palibe anaseka. Kenako ndinawatuma kuti akafunse akuluakulu kwawo.

Zimene anabwera nazo! Zainabu yemweyo anapeza kuti agogo a bambo ake anamenya nkhondo ku Abisiniya, kumene lero timati Ethiopia. Wina anati kwawo boma linkatenga chimanga chodyetsa asilikali, anthu n'kumagona ndi njala. Mtsikana wa ku Luwawa anati kumanda kwawo kuli mtumbira umene mulibe munthu. Anaikamo thunthu la nthochi, poti mwini wake anatsalira kutsidya kwa nyanja ndipo maliro sakanangokhala osalira. Tsiku limenelo mapu anadzaza zala za ana, aliyense akuloza kumene kunafika mbale wake. Ndinanyadira, Amayi, ndinanyadira kwambiri.

Loweruka lapitali kunabwera a Nyirenda, aja munkati ali mwana ndiwo ankatsogolera kukuwako. Pano akuyendera ndodo. Mdzukulu wawo anawafotokozera zonse. Anakana mpando, anakhala pansi chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, “Tikamanyanga yayi, mwana wane. Sitinkadziwa. Ndapota, undiuze dzina lawo lenileni.”

Amayi, munthu wakalamba m'mudzi momwemo osadziwa dzina la atate anu! Ndinawauza kuti ndi Yotamu Jere. Analibwereza pang'onopang'ono, ine misozi ili mbwe. Atanyamuka sanalowere kwawo. Anandipempha khasu, ndipo tinapita limodzi kukalambula pamanda a agogo.

Mukawaona atate anuwo kumene munawatsatirako, muwauze kuti kwawo akutchulidwa ndi dzina lawo tsopano. Mvula isanagwe ndikaika mwala pamanda awo, ndipo dzinalo ndikalilembetsa lonse, m'zilembo zikuluzikulu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani chomene.

Ndine mwana wanu,
Tiwonge