Maere a Padoko

Lolemba, 7 Okutobala

Kwatentha kuyambira m'mawa. Kunabwera mayi wa ku bungwe lija limatithandiza mafuta a njinga zamoto, atanyamula chipepala chachikulu cha malonjezo. Akuti pachipatala pathu pano pasakhale kusalana: mkazi, mwamuna, wolumala, Msilamu, Mkhristu, wakumpoto, tonse mofanana. Tinasaina tonse, ndi mlonda yemwe. Zakumwa zinalipo, zotentha.

Kenako anapempha ndandanda ya ntchito ya ife alangizi a zaumoyo. Imeneyo ndimalemba ndine, poti ndine wamkulu wawo. Anayendetsa chala n'kuima pa dzina la Filipo. "Bwanji awa sapita kumidzi? Zaka zonsezi pa firiji ya katemera ndi kaundula basi? Mwawatsekera m'nyumba chifukwa ndi achialubino?" A Paison, inchaji wathu, thukuta lili kamukamu. Zoona zake n'zakuti palibe anakhalapo pansi n'kugamula zimenezi. Ndinazipeza choncho, n'kuzisiya choncho. Dzuwa la kunyanja kuno aliyense amalidziwa.

Mayiyo anatembenukira kwa mwiniwake, pamaso pa tonse: "Simungakonde kumapita ngati anzanu?" Nanga munthu ungayankhe chiyani pamenepo? Filipo anati, "Ntchito ndi ntchito, madamu." Anthu anaomba m'manja. Nanenso ndinaomba.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Lamulo latsopano la a P.: ndandanda sindilembanso ine, tizichita maere sabata iliyonse kuti pasakhale kukondera. Timapepala topinda m'chitini chakale cha mankhwala, aliyense apise dzanja. Katemera wakumwa wa kolera akuyamba mawa, masabata awiri. Mnzathu Mariamu wagwera kusukulu, pansi pa mitengo ya mango. Ine kumsika. Filipo watola padoko.

Padoko palibe mtengo ngakhale umodzi. Mchenga ndi mathandala a usipa, basi. Ndipo kiyi wa chipinda cha firiji amasunga a P., omwe amafika 8 koloko ngati adzuka bwino. Ndiye kuti kunyamuka 9, kukafika 10, dzuwa lonse la masana pamutu.

Lachitatu, 9 Okutobala

F. wabwera 3 koloko, khosi ndi manja zili psuu. Wamwetsa anthu 140. Ine 61.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndinakafunsa mafuta oteteza khungu ku famase. Anatha mu Ogasiti.

Mariamu pa tiyi: "Wallahi, ine ndisinthane naye, mango sindinakwatiwe nawo." A P. anakana. "Ndiye mu lipoti ndikalembamo chiyani? Tinasaina, amayi." Chodabwitsa, F. nayenso anakana. Akuti tikufuna anthu azinena kuti anatuluka tsiku limodzi n'kulephera?

Kenako anayamba kufotokoza za a Kalilu, mwini mabwato atatu padoko paja, momwe anandandalikira asodzi awo ngati ana a sukulu, wokana kumwa asakwere bwato. Akuti amamuitana kuti adokotala. Anampatsa usipa wodzaza jumbo, watigawira. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala naye tebulo limodzi, sindinamumvepo akulankhula nthawi yaitali chonchi. Kasekedwe kake n'koipa, ngati njinga yopanda girizi, koma lero ndakamva.

Loweruka, 12 Okutobala

Magetsi kulibe. Ndachapa, ndagona. Mutu.

Lolemba, 14 Okutobala

F. anavula chipewa kuti apukute thukuta, pulasitala n'kumatuka. Pakhutu lamanzere pali bala lalikulu ngati chitsekero cha botolo, m'mbali mwake motukuka, likutuluka magazi pang'ono. Ndinafunsa kuti layamba liti. Anati cha m'ma Isitala. Isitala! Anabwezera chipewa msangamsanga n'kuyamba kuwerenga mabotolo a katemera ngati palibe chachitika.

Mabala otere ndimawadziwa, tinaphunzira. Iyenso akuwadziwa kuposa ine. Mkulu wake, wachialubino nayenso, linamuyamba pakhosi, ndipo tinakamuika ku Mwadzama. Galimoto ya maliro ndinakwera nawo.

Ndimakhala kumanzere kwake tsiku lililonse. Chipewacho ndinkangoti n'chizolowezi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Maere a sabata yachiwiri. Ndinabisa kapepala ka padoko m'dzanja kuti ndinamizire kuti ndatola ine. Wakuba wosazolowera! F. maso saona bwino, koma zala zimawerenga. Anapisa m'chitini, n'kukhalitsa, n'kuti, "Tilipo asanu ndi mmodzi, timapepala tilimo tisanu." Mariamu anayamba kutsokomola dala.

Panja, kuseri kwa thanki, anandiuza mosakweza mawu. "Achemwali, zaka zonsezi munandisankhira osandifunsa. Obwera aja andisankhira osandifunsa. Lero inunso ndi dzanja lanu."

Ndinachita manyazi, sindinama. Ndinati chabwino, ndikufunsa tsopano: mukufuna chiyani?

"Kiyi basi. Ndinyamuke 5 koloko. Mabwato amakocheza m'mamawa, anthu onse amakhala pamodzi. Pofika 9 ndabwerako."

Zokhazo. Ndinapita kwa a P. Anakanda m'mutu. Akuti kiyi wa chipinda cha boma sangangopatsa munthu mmodzi, ena adzati kukondera. Alembera ku ofesi ya kuboma, tidikire. Maere sanabwerezedwe, F. anangoti padoko ndi pake, anthu akumudziwa kale.

Lachitatu, 16 Okutobala

F. 118. Milomo yang'ambika. Ku ofesi zii.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndamva kuti adokotala a khungu akubwera kuboma mawa, amabwera kamodzi pa miyezi itatu. Ndinamuuza F. Anati akamaliza katemera. Ndinati katemera akatha iwo adzakhala atapita, ndiye Januwale. Anati, "Ndikapita akandiuza zomwe ndikuzidziwa kale."

Apo ndinapsa mtima. Ndinatenga kabuku kake kachipatala m'thumba la malaya ake, n'kukalembetsa ndekha kwa akiliniko athu kalata yomutumiza kuboma. Ndinabwera n'kuiika patebulo, osampatsa m'manja. Ndinati nayi, kupita kapena kusapita musankhe nokha, ine ndatopa n'kukusankhirani. Anaiyang'ana pafupi ndi mphuno monga amachitira.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sanabwere kuntchito. Kalata patebulo palibe.

Madzulo uthenga pafoni: amutumiza ku Lilongwe, anyamuka Lamulungu.

Lolemba, 21 Okutobala

Yankho la kuboma linafika Lachisanu masana, a P. anandiimbira dzulo. Akuti nkhani ya kiyi si yofunsa, inchaji aone yekha. Anandibweretsera kiyiyo kunyumba okha, atamangirira kachingwe katsopano. Anafunsa ngati ndamva chilichonse za F. Ndinati ayi. Ali pakhomo anati, "Ine ndinkangotsata zomwe tinasaina." Ndinati ndikudziwa, abwana.

Padoko ndapita ine. Kunyamuka 5, kamphepo kozizira mpaka ndinavala juzi. Pofika hafu pasiti 8 ndinali nditamaliza, anthu 97. A Kalilu anamwetsa anyamata awo otsala, kenako anafunsa kuti adokotala athu ali kuti. Ndinati adwala pang'ono. Anati, "Inshallah achira. Koma ife tinkadabwa, bwanji mumawatumiza masana? Ifeyo eni ake nthawi imeneyo timabisala."

Sindinganene kuti ndi dzuwa la masiku asanu ndi awiri aja. Balalo linalipo kale. Ndikungolemba zomwe zachitika.

Lachitatu, 23 Okutobala

F. waimba nthawi ya tiyi. Ndinaika foni patebulo kuti Mariamu amve nawo. Choyamba anafunsa manambala a padoko. Nditamuuza anati ndachepetsa, kumpoto kwa doko kuli misasa ya anthu a ku Chilumba, kumafunika kuwalonjera m'chinenero chawo kaye. Ndinati ndine wakonko, musandiphunzitse. Anaseka.

Kenako anati adula mawa. Khutu lonse. Akatero aona ngati zalowa mkati, zotsatira pakatha masabata atatu.

Mariamu anaika kapu pansi. Ine ndinati chabwino, Mulungu alipo, zonena zija timanena.

"Eya," anatero. "Koma achemwali, tandiganizireni chinthu chimodzi. Magalasi angawa ndizikawakoleka pati?"

Ndinaseka, poti iyenso amaseka. Foni itaduka Mariamu anatuluka panja. Ine ndinatsegula kaundula kuti ndilembe manambala a lero, koma mizere sinkaoneka.