Dzanja Lanu Lamanzere

Bambo a Kadontho, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni, koma mawu amene ndinakuuzani m'chipatala muja akadali pakhosi panga. Ndinati musasiye tsamba lanu la pa intaneti m'manja mwa mng'ono wanu yekha, mundilembere nanenso pasiwedi yake pakapepala. Munaseka mpaka botolo la diripi linagwedezeka. Amayi anu anaseka, anesi anaseka, alamu, mng'ono wanuyo, anaseka kuposa onse. Ine ndinaona mmene ankayang'anira tabuleti yanu yojambulira, koma akanandimvera ndani? Munthu amene amabwerera katatu kukagwira chitseko chomwe wakhoma yekha, chenjezo lake anthu amalimva ngati mvula pamalata.

Mantha angawo munali mutawasandutsa nthabwala kalekale. Mu nthano yanu ya zithunzi, ija inkatuluka Lachisanu lililonse, munaikamo Mayi Loko, mayi wa maso aakulu amene ankakhoma chilichonse, ndi ketulo yomwe. Anthu ankafa nacho chiseko. Inenso ndinkaseka, chifukwa mphuno ndiye munaijambula yokongola kuposa yangayi. Ngakhale chenjezo lija munalijambula muli pabedi: Mayi Loko akumangirira loko pa pensulo ya mwamuna wake. Tsamba limenelo sindinaseke.

Anthu ankawerenga tsamba limodzi ali m'basi, chala chimodzi pafoni, mphindi isanathe amaliza. Ine ndi amene ndikudziwa kuti linkakudyerani masiku atatu. Tsiku loyamba munkakhala pa tebulo lija la mwendo wochirikizidwa ndi katoni, n'kumajambula timabokosi tating'ono ngati ta machesi, kufufuta, kujambulanso, mpaka nthabwala igwere m'kabokosi kake koyenera. Tsiku lachiwiri munkadutsitsa mizere yakuda pa tabuleti. Tsiku lachitatu linali la mitundu ndi mawu, ndipo mawuwo munkawawerenga mokweza, kusintha mawu ngati anthu asanu, Kadontho ali pansi pa tebulo kukuyankhani. Manja ndi amene ankakuvutani. Munkandiimika pakati pa chipinda nditagwira kapu, madzi akuwira pamoto, kuti muone mmene chala chaching'ono chimapindikira. Munkati nkhope imanama koma dzanja silinama. Khosi linkauma, maso ankafiira, m'mbali mwa dzanja lanu lamanzere munachita chikanga. Tsiku logonekedwa m'chipatala munawachonderera anesi kuti singano ya diripi abaye kumanja, lamanzerelo alisiye ligwire ntchito.

Munali ndi mwambo wanu umene munkautcha nkhokwe. Simunkatulutsa tsamba limene mwajambula sabata yomweyo. Munkajambuliratu, n'kusunga, kuti mukadwala owerenga asagone ndi njala. Pamene munkatisiya, m'nkhokwemo munali masamba makumi asanu ndi limodzi. Otsirizawo munawajambula mutatsamira mapilo awiri, ine nditakugwirirani tabuleti chifukwa inkakulemerani.

Bambo a Kadontho, ndikuuzeni zimene anachita nayo nkhokwe yanu. Pamaliro, alamu analonjeza pamaso pa anthu kuti alemba pa tsambapo kuti mwamwalira. Sanalembe. Lachisanu lotsatira tsamba linatuluka ngati palibe chachitika. Ndinadziuza kuti mwina chisoni chawagwira manja. Patatha miyezi iwiri, dzina lanu limene munkalemba pakona yakumunsi linasowa. Patatha mwezi wina, panabwera lawo. Ndinakhala ndi foni pabondo kuwerenga anthu akuwayamikira kuti luso lawo lakhwima, pa tsamba lomwe lija munalijambula mukusanza. Iwo n'kumayankha kuti zikomo, n'kuikapo katimtima.

Dzina anafufuta, koma dzanja lanu analephera. Inu munali amanzere, ndiye mizere yanu ya mthunzi imatsika kuchokera kumanzere kupita kumanja. Iwo ndi akumanja, yawo imapendekera kwina. Munandiphunzitsa nokha kuona zimenezi tikadali pachibwenzi. Nkhokwe itatha, anayamba kudula nkhope pa masamba akale n'kumamata pa atsopano, manja a anthu onse n'kuwabisa m'matumba kapena kumbuyo. Mayi Loko wakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira loko. Kadontho, mwana wa zaka zisanu, anaona yekha. Anandifunsa kuti adadi akudwalanso kodi, poti anthu awo alibe zala.

Ndinapita kwa amayi anu. Anandimvetsera bwinobwino, akupinda zovala, kenako anati chibale ndi fupa sichiwola, ndipo ndisaiwale kuti denga limene tikugonamo ine ndi mwana ndi lawo. Sindikuwada. Amakulirani zoona. Kapu yanu amaitsuka tsiku lililonse ngakhale palibe amamwera. Koma khoswe wakhala pamkhate, ndipo onse m'nyumba muno akuyenda monyang'ama. Achemwali anu amandigwira dzanja kukhitchini, tikafika pabalaza amayang'ana pansi.

Ndikanapirira, poti kupirira ndinazolowera. Koma pali kope lakuda lija. Simunaliike pa intaneti, simunamuonetse munthu wina koma ine. Mmene munadziwa kuti simuchira, munamujambula Kadontho chaka ndi chaka, mmene munkaganizira kuti adzaonekera: wa zaka zisanu mano akutsogolo atagweluka, wa zaka khumi atanyamula chikwama chachikulu kuposa iye, wa zaka khumi ndi zisanu atakwiya ndi amayi ake, mpaka wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ataima pakhomo ndi sutikesi. Munati ndizimutsegulira tsamba limodzi pa tsiku lake lobadwa. Tatsegula awiri. Mano aja agwelukadi, omwewo amene munajambula.

Lamlungu lapitali mwanayo anatenga kopelo pansi pa matiresi n'kukawaonetsa alamu, bambo ake aang'ono, monyadira. Ndinawaona akutembenuza masamba onse, ndi amene mwini wake Kadontho sanawaone. Anatulutsa foni, ine ndinawalanda kopelo asanajambule. Lachitatu banja linakhala pansi, ine anandiitana zitatha kale. Anagamula kuti makope anu onse ndi tabuleti ndi zipangizo za ntchito, ndipo zipite kwa amene akupitiriza ntchitoyo. Akuti abwera mawa m'mawa ndi katoni. Akuti owerenga akufuna nthano yatsopano, ya kamtsikana kamene kakukula.

Ndakukwiyirani, bambo a Kadontho, ndipo sindibisa ngakhale m'nyuzipepala muno, pansi pa chithunzi chanu chomwetulirachi. Inu amene munkaona mmene chala chaching'ono chimapindikira, munalephera bwanji kuona maso a mng'ono wanu? Kapepala kamodzi kokha, mizere iwiri. Munajambula masamba makumi asanu ndi limodzi poopa kuti alendo angakhumudwe Lachisanu, koma mkazi wanu munamusiya kunja kwa chitseko chanu chomwe. Ndipo ndakusowani. Ndimasowa phokoso la labala pa pepala, ndi tinyenyeswa take timene ndinkadandaula nato posesa.

Kwa inu amene munkawerenga nthano ya Mayi Loko, ngati mwafika pano: amene anaijambula ndi bambo ali pachithunziwa. Bwererani ku masamba akale, muone kumene mizere ya mthunzi ikutsikira.

Ndalemba izi madzulo, ndipo pamene zizisindikizidwa tidzakhala titapita. Makope ndawakulunga m'kabulangete ka Kadontho, lakuda lija lili m'chikwama changa cha m'manja. Tabuleti ndawasiyira patebulo, ndi cholembera chake, aone ngati muli dzanja m'menemo. Tinyamuka kusanache, pa basi yoyamba, ndipo komwe tikupita sindilemba. Chitseko cha chipinda chathu ndichisiya chosakhoma, ndipo sindibwerera kukachigwira.

Masamba khumi ndi atatu atsala. Tizitsegula limodzi pa chaka, monga munanenera, ndipo dzina lanu silidzafufutika pakona.

Mkazi wanu, ndi Kadontho.