Kamausi kakuwadyera mawu bambo a ana anga

Aphungu,

Ndikulemba ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya, koma pansi pake pali kaminga kamene ndikufuna mundizule.

Mwamuna wanga ndi kalipentala. Kuno aliyense amawadziwa kuti a Misomali, chifukwa ankayenda ndi misomali paliponse, pakamwa, kukhutu, ngakhale m'thumba la jekete yopita nayo kutchalitchi. Chaka chatha anagwa ali mkati mopala chitseko. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, lilime nalonso linalemera. Adokotala anandiuza kuti nzeru zili bwinobwino, mawu onse alimo m'mutu, koma potulukira ndi pamene pavuta. Akafuna kunena kuti "madzi" pamatuluka kaphokoso kamene ndimamva ndine ndekha, penanso ineyo ndimaphonya. Tinayesa cholembera ndi dzanja lamanzere, koma zilembo zinkangokhala ngati papalasa nkhuku, iwo n'kuchiponyera uko. Munthu amene ankaseketsa msewu wonse anasanduka wongokhala pakhonde, kuyang'ana benchi lake la ntchito likutuwa ndi fumbi.

Mwezi wathawu mzime wathu, amene amagwira ntchito mu ofesi, anabwera ndi laputopu yakale ndi kamausi kake kachingwe. Ine ndine telala, ndiye anakankhira sizasi ndi nsalu pambali n'kuika makinawo patebulo langa lodulirapo. Anatsegula tsamba loyera n'kunena kuti, "Ababa, mukakwiya muzitikalipira pamenepa." Iwo anangoyang'ana kumbali. Koma tsiku lina ndili pa mashini yosokera ndinamva kuti tha, tha, tha, chala chimodzi chikugogoda. Atandikodola ndinapita, ndipo pa sikirini panali mawu akuti, "Mayi shuga wa mu tiyi mumachita kuwerenga." Aphungu, ndinakhala pansi penipeni, misozi ili chuchuchu, kwinaku ndikuseka. Miyezi yonseyi ndikulakalaka mawu awo, oyamba n'kukhala madandaulo a shuga.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu yadzuka. Andiuza kuti tebulo langa limagwedera chifukwa cha bawuti yomasuka, osati simenti ya pansi, ndiye ndichotse kapepala kamene ndinapinda pansi pa mwendo wake. Amunena mkamwini wathu wam'tsogolo kuti amagwira hamala ngati supuni. Makasitomala anga akabwera kudzayesa madiresi amayamba kaye asuzumira pa sikirini kuti a Misomali anena zotani lero.

Koma kamausi aka n'kamene katizunguza mitu. Pa sikirini pali kamuvi kamene kamayenda ukasuntha kamausi, ndiye palinso kamzere koima kamene kamangophethira. Pa tiwiriti sitikudziwa kuti wamkulu ndani. Nthawi zina amaloza kamuvi pamalo n'kuyamba kulemba, zilembo n'kukatulukira kwina. Nthawi zina akadina pamatuluka kabokosi ka Chingerezi kamene sitinakaitane. Komanso iwo akamalemba maso amakhala pa mabatani, osati pa sikirini.

Tsiku lina mlongo wanga ankabwera kudzationa. M'mawa anali atandilembera kuti, "Mlamu akabwera mumupatse tiyi." Kenako galu wathu atayamba kuvuta, analemba m'munsi kuti "Galu", dzanja n'kugunda kamausi osadziwa, iwo n'kupitiriza kugogoda. Mlongo wanga atafika anawerama n'kuwerenga mokweza kuti, "Mlamu akabwera amangidwe kuseri mumupatse tiyi." Anaimirira n'kufunsa kuti, "Alamu, ndalakwanji? Koma tiyiyo mundipatsabe ndili pachingwe?" Mwamuna wanga anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve chidwalireni.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni. Mzime wathu uja akukwatiwa posachedwapa, ndipo bambo ake anaganiza zolemba okha mawu awo, kuti mng'ono wawo adzawerenge pamwambo. Akhala akulemba pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse mizere yochepa, thukuta lili kamukamu. Analemba za kampando kamene anamukhomera mwanayo ali wamng'ono, iye n'kumakakana chifukwa ankafuna pamwendo pa bambo ake. Ndime yonse inali itatha, yokoma kwabasi. Ndiye anaona chilembo chimodzi cholakwika pakati. Anatenga kamausi kuti akonze, dzanja linanjenjemera, chala chinadina kangapo motsatizana, ndime yonse n'kusanduka yabuluu. Iwo sanaone. Anagogoda chilembo chija, ndipo zonse zinangoti zii, kutsala "a" mmodzi pa tsamba.

Ine ndinalumpha. Ndinawalanda kamausi m'manja n'kuyamba kudina paliponse, mpaka tsamba linatsekeka. Mzime atabwera madzulo anafufuza n'kunena kuti sizinasungidwe, zapita. Koma chimene chikundiwawa si chimenecho. Atawatsegulira tsamba lina, bambo ake analemba kuti, "Pakamwa mumandilankhulira. Apanso?" Sanandiyang'ane mpaka tinakagona.

M'mawa mwake ndinamvanso kuti tha, tha, tha. Ayambiranso, Aphungu, ndipo mtima wanga ukuvina. Koma akuchedwa, akuchita mantha ndi kamausi, ndipo ukwati sukudikira. Ndime yotayikayo ine ndinailoweza yonse, chifukwa ndinkaiwerenga ndikudutsa kumbuyo kwawo. Kodi ndiilembe mwakachetechete akapita kumafizo kuchipatala, n'kuwauza kuti makina abweza okha? Nanga kamuvi ndi kamzere kaja zimagwirizana bwanji?

N.K., kuseri kwa msika

Mayi N.K.,

Choyamba, landirani moni wa chisangalalo. Amuna anu abwerera kunyumba, ndipo abwera ndi nthabwala zawo zonse. Zotsalazi n'zazing'ono, tithana nazo.

Kamuvi ndi kamzere ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kamzere kophethirako ndiye mwini malo: chilembo chilichonse chimagwera pamene pali iko. Kamuvi kamangoloza. Mutha kukayendetsa sikirini yonse, koma kamzere sikasuntha mpaka mutadina. Mukadina kamodzi, kamzere kamalumphira pamene mwalozapo, ndipo kamakhala pakati pa zilembo, osati pamwamba pa chilembo. Mukadina chakumanzere kwa chilembo kamaima chisanayambe, mukadina chakumanja kamaima chitatha. Mukafuna kumapeto kwa mzere musavutike n'kulunjika, dinani pamalo opanda kanthu kumanja kwa mzerewo, kamzere kapita kokha pamene mawu athera. Mlongo wanu anamangidwa kuseri chifukwa dzanja linadina mwangozi pakati pa chiganizo cha m'mawa. Ndiye lamulo la m'nyumba mwanu likhale lakuti asanagogode, ayambe akweza maso n'kufunafuna pamene pakuphethira.

Za buluu zija zili chonchi. Kudina kawiri mofulumira kumasankha liwu limodzi. Katatu, m'mapulogalamu ambiri, kumasankha mzere kapena ndime yonse. Kusuntha kamausi chala chikadali chopanikiza kumasankhanso mawu onse amene mwadutsapo. Mawu akasankhidwa chonchi, chilembo choyamba chimene mungagogode chimalowa m'malo mwa onsewo. Choncho buluu akaoneka, palibe chimene chatayika. Asakhudze chilembo, angodina kamodzi pamalo opanda kanthu, buluuyo achoka.

Zikafufutika ndithu, mankhwala alipo, bola tsamba lisatsekedwe. Apanikize batani lolembedwa Ctrl n'kugogoda Z, mawu abwerera. Mwayi wake, mabatani awiriwa ali pakona yakumanzere m'munsi, dzanja limodzi limakwana. Ctrl ndi S, amene alinso pomwepo, amasunga zimene alemba. Azichita zimenezi akatha chiganizo chilichonse mpaka chizolowezi chikhazikike.

Mzime wanu mum'patse ntchito akabweranso. Kamausi kanapangidwira dzanja lamanja, ndiye akakagwira ndi lamanzere chala cholozera chimagwera batani lakumanja, limene limatulutsa kabokosi ka Chingerezi kaja. M'makina muli posinthira mabataniwo kuti agwirizane ndi dzanja lamanzere. Pomwepo achepetse liwiro la kamuvi kuti kasamathamange dzanja likanjenjemera, akulitse zilembo kuti polozapo pakhale potakasuka, ndipo azimitse kabwalo kosalala kali m'munsi mwa mabatani, chifukwa mkono ukakakhudza nakonso kamadina. Kamausi kazikhala patali pang'ono akamalemba. Akafuna kukonza chilembo chimodzi, adine kamodzi chapafupi, asiye kamausi, atsirize ulendo ndi mabatani anayi ojambulidwa mivi. Amenewo amayenda chilembo chimodzichimodzi ndipo sadabwitsa munthu.

Muwatsegulire tsamba loseweretsa, lopanda mawu ofunika, kuti adine kawiri, katatu, afufute dala n'kubweza. Munthu akaona ndi maso ake kuti zofufutika zimabwerera, mantha amatha. Kalipentala sachedwa kuzolowera chida akachidziwa khalidwe lake. Mukapita kumafizo muwauzenso achipatalawo za laputopuyi, akhoza kukulangizani za kakhalidwe ka pampando ndi kupumitsa dzanja. Makinawa asalowe m'malo mwa zolimbitsa lilime zimene anawapatsa.

Tsopano funso lanu lalikulu. Ayi, mayi, musailembe mobisa. Amuna anu akudziwa mawu awo monga akudziwira matabwa awo. Mukadzasintha liwu limodzi lokha adzazindikira, ndipo kuyambira tsiku limenelo azidzakayikira chilichonse chooneka pa sikiriniyo, pamene ndi malo okhawo amene akulankhulapo popanda womasulira. Auzeni zoona. Nenani kuti, "Bambo, ndinalakwa kukulandani kamausi. Ndime ija ndinailoweza chifukwa inandikoma. Mukaifuna ndikulakatulirani, inu muzilemba." Akavomera, chabwino. Akakana, musakhumudwe, mwina ya tsopanoyi idzaposa yoyamba. Ndipo ukwati ukapeza alemba mizere itatu yokha, mizere itatu ya bambo ake idzamuliza mkwatibwi kuposa tsamba lathunthu la munthu wina.

Chenjezo langa ndi ili: chikondi chofulumira chimalanda. Mudzawaona akufunafuna chilembo chimene inu mukuchiona poyera, dzanja lanu lidzayabwa. Lisungeni pamwendo. Thandizani akakukodolani, akapanda kutero dikirani. Anthu akadzafunsa patsikulo kuti mawu okomawa walemba ndani, mudzathe kuwaloza iwo, mtima uli mbee.

Aphungu